Batani lofufutira limene linkakana kufufuta

Tikalakwitsa chilembo pa kompyuta za mu labu timangodina Backspace, chilembocho n'kuchoka. Amene ankagwiritsa ntchito Commodore 64, kompyuta ya pakhomo yomwe inatuluka ku America mu 1982, ankaona zina akailumikiza ndi kompyuta yakutali kudzera pa modemu ndi waya wa telefoni.

Gwero la vutoli ndi lakuti batani silitumiza chilembo, limatumiza nambala. Makompyuta ambiri ankatsatira ASCII, ndondomeko yomwe inakhazikitsidwa mu 1963 n'kuwonjezeredwa zilembo zazing'ono mu 1967. M'menemo A wamkulu ndi 65 pomwe a wamng'ono ndi 97. Koma Commodore inali ndi ndondomeko yakeyake, PETSCII, ndipo ikakhala pa zilembo zazing'ono, 65 ankaoneka ngati a wamng'ono, 97 ngati A wamkulu. Mnzako akalemba "Moni", kwa iwe ankafika ali "mONI". Choncho pulogalamu yolumikizira, yomwe amaitcha terminal, inkakhala ngati womasulira ulaliki: nambala iliyonse yotuluka ndi yolowa inkayenera kutembenuzidwa.

Zilembozo zinali zosavuta kukonza. Mutu unkaima pa kufufuta. Batani la DEL pa Commodore 64 limatumiza 20, nambala yomwe mu ASCII sikhudzana ndi kufufuta ngakhale pang'ono. Ndiye aisinthe kukhala chiyani? ASCII ili ndi nambala ziwiri zolimbirana ntchitoyi. Pali 8, yomwe poyamba inkangotanthauza kubwerera m'mbuyo malo amodzi. Palinso 127, yochokera nthawi imene uthenga unkasungidwa pa tepi ya pepala yoboolaboola. Bowo silitsekeka, kotero ukalakwitsa unkaboola malo onse asanu ndi awiri pa mzerewo, ndipo makina owerenga ankaudumpha. Mabowo asanu ndi awiri onse pamodzi ndiwo 127.

Makompyuta ena akutali ankayembekezera 8, ena 127. Ukatumiza yolakwika, m'malo mofufuta, pa sikirini pankabwera ^H kapena ^?, ndipo kudinanso kunkangowonjezera zinyalalazo. Ife tikuona kuti poipitsitsa panali pa pasiwedi, chifukwa apo zolemba sizioneka. Munthu ankaganiza kuti wakonza, kompyuta n'kumukaniza kulowa, uku bilu ya telefoni ikukwera.

Mabatani ena panalibiretu. Commodore 64 ilibe Esc, chonsecho mapulogalamu olembedwera VT100 ya kampani ya DEC, ya mu 1978, ankadalira Esc kwambiri: muvi wopita m'mwamba unkatumiza zizindikiro zitatu, Esc, [ ndi A, pomwe Commodore inkatumiza 145 yekha. Pa nambala 92, pomwe ASCII ili ndi \, Commodore inaikapo £. Olemba mapulogalamu ankangosankha batani lina kuti ligwirizire ntchitoyo, aliyense mwa nzeru zake.

Mkangano wa 8 ndi 127 sunathe. Amene tatsegulapo PuTTY tikapita pa gawo la Keyboard timapeza ikutifunsabe ngati Backspace itumize Control-H kapena 127.