Mbewu Ikafika ku Shopu, Kodi Yagulitsidwa?

Mvula ikayandikira, malole amanyamula mbewu m'nyumba zosungiramo katundu za makampani n'kukaitula kwa ogulitsa zipangizo zaulimi. Ambiri a ife timangoona kuti malonda ayamba. Koma wolemba mabuku a ndalama amakhala ndi funso: ndi tsiku liti lomwe kampani iyenera kulemba kuti mbewuyo yagulitsidwa?

Mu Febuluwale 2025, bungwe la IASB, lomwe likulu lake lili ku London ndipo limakonza ndondomeko zolembera malipoti a zachuma, lidatulutsa buku lachitatu la IFRS for SMEs, lomwe ndi la makampani ang'ono ndi apakati. Ndondomekoyi iyamba kugwira ntchito pa chaka cha zachuma choyamba pa 1 Januwale 2027 kapena pambuyo pake. Gawo 23 la bukuli, lokhudza ndalama zolowa kuchokera ku malonda, lalembedwanso motsatira IFRS 15, yomwe makampani akuluakulu akhala akuitsatira kuyambira 2018.

Mfundo yake ndi yakuti malonda amalembedwa pamene ulamuliro pa katundu wachoka kwa wogulitsa n'kupita kwa wogula. Ngati kampani yangosungitsa mbewu ku shopu kuti mwini shopu aziigulitsira n'kumalandira gawo lake, mbewuyo ikadali ya kampani mpaka mlimi ataigula. Invoisi payokha siisintha zimenezi.

Povuta kwenikweni ndi pa mbewu yomwe yagulidwa pa mgwirizano woti yotsala idzabwezedwa nyengo yodzala ikatha. Tiyerekeze kuti kampani yatumiza mapaketi 1,000 a chimanga, ndipo malinga ndi zaka zam'mbuyo ikuyembekeza kuti 200 abwerera. Iyenera kulemba malonda a mapaketi 800 okha. Ndalama za mapaketi 200 zimalembedwa ngati zodzabwezera wogula, ndipo mbewu yodzabwererayo imakhala m'mabuku ngati katundu wa kampani, atachotsapo ndalama zokaitengera komanso kutsika kwa mtengo wake. Tonsefe tikudziwa kuti mbewu yomwe yakhala miyezi ingapo m'shopu yotentha simera ngati yatsopano, ndipo ina imalephera ikayesedwanso kameredwe kake. Mabhonasi ndi kuchotsera mtengo komwe kampani imalonjeza ogula matani ochuluka nazonso ziyenera kuyerekezedwa ndi kuchotsedwa pa ndalama za malonda, osadikira tsiku lolipira.

Ife tikuona kuti zimenezi n'zoyenera, ngakhale zidzatsitsa ziwerengero za makampani ena. Banki ikamakongoza kampani ndalama zolipirira alimi ochulukitsa mbewu, imadalira malipoti omwewa. Malonda okokomezedwa mu Disembala amadzasanduka dzenje mu Epulo, ndipo wodikira malipiro nthawi imeneyo amakhala mlimi yemwe adapereka kale mbewu yake.

Inu eni mashopu, musadabwe makampani akayamba kukupemphani kawirikawiri chiwerengero cha mapaketi otsala, kapena ofufuza mabuku a ndalama akabwera kudzawerenga okha. Mapangano apakamwa aja akuti "tidzaona ikatsala" sadzakwanira. Mgwirizano uyenera kunena mbewu ndi ya ndani ikakhala pa shelefu, ndani adzaluze ikanyowa kapena kufumbwa, komanso tsiku lomaliza lobwezera. Bungwe la ICAM ku Malawi ndi la ZICA ku Zambia ndi omwe angathandize olemba mabuku anu kudziwa ndondomeko yomwe kampani yanu iyenera kutsatira. Kaundula wa mbewu yobwerera wa nyengo ino ndi amene adzagwiritsidwe ntchito poyerekeza za 2027, choncho ayambe kusungidwa shopu ndi shopu, mtundu ndi mtundu.