Zilembo zitatu zomwe zinatidyera Fanta

M'mwezi wa March 2001 ndinakangana ndi mphunzitsi mnzanga pasukulu ina ya sekondale. Nkhani inali ya chombo cha dziko la Russia chotchedwa Mir, chomwe chinakhala chikuzungulira m'mlengalenga kuyambira 1986, ndipo eni ake anali atangochigwetsera m'nyanja ya Pacific. Ine ndinali nditamva pa wailesi kuti dzinalo limatanthauza "mtendere". Mnzangayo anati ayi, iye anawerenga m'nyuzipepala kuti ndi "dziko lapansi". Tinabetcherana botolo la Fanta, koma palibe anamugulira mnzake, chifukwa tonse tinkanena zoona.

Liwuli m'zilembo za Cyrillic amalilemba chonchi: мир. Munthu wozolowera zilembo zathu angaganize kuti chachiwiricho ndi N woyang'ana kumbuyo ndipo chomalizacho ndi p, koma chachiwiricho chimawerengedwa i, chomalizacho r. Ndiye kuti mir.

M'Chirasha cha lero liwu limodzi lomweli ndi mtendere komanso dziko lonse. Kale pa pepala zinkasiyana. Chisanafike chaka cha 1918, mtendere unkalembedwa миръ pomwe dziko linkalembedwa міръ, ngakhale pakamwa zinkamveka chimodzimodzi. Boma la ma Bolshevik litakonza kalembedwe linachotsa chilembo і, n'kuchotsanso chija chosamveka cha kumapeto, mawu awiriwo n'kukhala amodzi. Apa m'pomwe panachokera mphekesera yoti buku lotchuka la Leo Tolstoy la mu 1869, lomwe mutu wake timaumasulira kuti Nkhondo ndi Mtendere, kwenikweni likunena za nkhondo ndi dziko. Mphekeserayi ndi yokoma kuimva koma siigwira, popeza mabuku omwe anasindikizidwa mwini wake ali moyo analemba liwu la mtendere lija.

Tanthauzo lomwe limandikoka mtima ine ndi lachitatu, lomwe pa nthawi ya mkangano wathu sindinkalidziwa. Kwa alimi a ku Russia wakale, mir unali mudzi, osati nyumba zake koma anthu ake akakhala pabwalo. Akuluakulu a mabanja ankasonkhana n'kusankha mtsogoleri wawo. Minda yolima sinali ya munthu mmodzi: pakapita zaka ankaigawanso poona kukula kwa banja lililonse. Msonkho nawo unkawerengeredwa mudzi wonse, moti wina akalephera kulipira, anzake ankasenza ngongole yakeyo. Mfumu Alexander II itamasula alimi ku ukapolo mu 1861, malo ambiri anaperekedwa kwa mir, osati kwa mlimi payekha, ndipo kuchoka pamudzi popanda chilolezo cha anzako kunali kovuta mpaka nduna Pyotr Stolypin itafewetsa lamulo mu 1906. Musaganize kuti kunali paradizo. Mudzi umene umakugawira munda ndi womwewo umene umakumanga miyendo. Koma aliyense amene anakhalapo pabwalo la amfumu pozenga mlandu wa malire a munda sangavutike kumvetsa mmene mudzi ndi mtendere zingakhalire liwu limodzi. Akatswiri a ziyankhulo amati tsinde la liwuli ndi lachibale ndi liwu la Chirasha lotanthauza "wokondedwa", ndipo ambiri amaona kuti linayamba ngati mgwirizano, kenako n'kukhala anthu ogwirizanawo, pomaliza n'kufika pa dziko lonse.

Abale awo a Chirasha sanafike nalo kutali chotero. Ku Bulgaria, Serbia ndi North Macedonia, мир ndi mtendere, ndipo dziko lili ndi liwu lake lochokera ku tsinde la kuwala: свят ku Bulgaria, свет ku Serbia. Ku Croatia ndi Slovenia, komwe amalemba ndi zilembo zonga zathu, mir ndi mtenderenso. Kuli мир wina ku Tajikistan, wa zilembo zomwezo koma wopanda ubale uliwonse: uyo ndi mtsogoleri, ndipo anachokera ku liwu la Chiarabu lakuti amir.

Ku Ukraine nakonso, m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, мир ndi mtendere ndipo dziko ndi світ. Apa nkhaniyi imasiya kukhala ya Fanta. Kwa zaka zambiri akuluakulu a ku Moscow akhala akunena za Russkiy mir, kutanthauza "dziko la Chirasha": ganizo loti onse oyankhula Chirasha, kaya akhale mbali iti ya malire, ndi a khola limodzi. Mu 2007 Vladimir Putin anakhazikitsa bungwe la dzina lomweli. Koma m'khutu la munthu wa ku Ukraine mawu omwewo amamvekanso ngati "mtendere wa Chirasha". Chiyambire February 2022, pamene asilikali a Russia analowa m'dzikolo ndi nkhondo yaikulu, anthu akumeneko amawatchula mawuwa mwachipongwe akamaonetsa zithunzi za mabwinja a mizinda ngati Mariupol. Ife kuno nkhondoyo tinaimvera pa mtengo wa feteleza.

Mnzanga uja anapuma ntchito ngati ine, ndipo chaka chatha anandiimbira foni ali wokondwa. Anati wapeza kuti atsogoleri awiri omenyanawo ndi a dzina limodzi, Vladimir Putin ndi Volodymyr Zelensky, ndipo dzinalo likutha ndi liwu lathu lija. "Ndiye aphunzitsi," anatero, "ameneyu ndi wolamulira dziko kapena wolamulira mwamtendere?"

Ndinamuuza kuti ulendo uno taluza tonse. M'zolemba zakale dzinali linkatha ndi mer, kutanthauza ukulu kapena kutchuka. Ndi anthu a pambuyo pake amene analikhotetsa kuti limveke ngati mir.