Kudzutsa Thirakitala Yakale ya Dizilo

M'maesiteti a fodya, pa mamishoni ndi m'minda ya alimi ena mumapezeka thirakitala yofiira itangokhala pansi pa mtengo, matayala ataphwa, udzu utamera m'mbali mwake. Anthu odutsa amati, "Iyi inafa kalekale." Koma kawirikawiri thirakitala yotere imakhala isanafe ayi. Chimene chimaimaliza ndi phuma la munthu wofuna kuti ilire tsiku lomwelo. Tiyeni tiwerenge m'mene tingaidzutsire osaiononga.

Inachokera kuti?

Pano tikamba za thirakitala yotchedwa Massey Ferguson 135. Yambiri ya mtundu umenewu inapangidwa mu mzinda wa Coventry ku England kuyambira 1964 kufikira 1975. Injini yake ndi ya Perkins, ya masilinda 3. Silinda ndi chibowo chonga mtondo, ndipo m'kati mwake mumayenda pisitoni, kukwera ndi kutsika ngati munsi. Thirakitala imeneyi ilibe zamagetsi zambiri, ndipo zipangizo zake zimagulitsidwabe. N'chifukwa chake amakaniko amaikonda.

Injini ya dizilo imalira bwanji?

Injini ya petulo ili ndi mapulagi oyatsa moto. Ya dizilo ilibe. Nanga moto umachokera kuti? Kumbukirani pampu ya njinga. Mukapopa mwamphamvu, pampu ija imatentha m'manja. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. M'menemo ndi m'mene Rudolf Diesel wa ku Germany anapangira injini yake, imene inagwira bwino ntchito mu 1897. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka kutentha kupitirira madigiri 500, pamene madzi amawira pa madigiri 100 chabe. Kenaka kachipangizo kotchedwa injekita kamafaza dizilo ngati nkhungu, dizilo uja n'kuyaka yekha.

Tsono injini imafuna zinthu zitatu: mpweya woyera, dizilo woyera, ndi batire lamphamvu loizunguza msanga. Chimodzi chikasowa, siingalire.

Musanagwire kiyi

1. Solola ndodo yoyezera oyilo muone. Oyilo akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Funani kumene madziwo alowera. Oyilo wakale yense mumukhuthule, muike watsopano pamodzi ndi sefa yatsopano.

2. Onani madzi a mu rediyeta, ndipo finyani mapaipi a labala kuti mudziwe ngati sanang'ambike.

3. Tsukani sefa ya mpweya. Makoswe ndi mavu amakonda kumanga zisa m'menemo.

4. Yesani kuzunguza injini ndi sipanala, giya ili pakati. Ikazungulira, kondwani. Ikakana, ndiye kuti mapisitoni agwidwa ndi dzimbiri, kawirikawiri chifukwa cha mvula yolowera ku ekizozi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amamanga thirakitala ku lole n'kumaikoka ili m'giya kuti injini imasuke mokakamiza. Zikatero zitsulo za m'kati zimapindika kapena kuthyoka, ndipo ndalama zokonzera zimachuluka kwambiri. Njira yabwino ndi kuchotsa mainjekita, kuthira dizilo pang'ono m'masilinda, ndi kudikira masiku angapo. Tsiku lililonse gwedezani injini pang'ono ndi sipanala, uku ndi uku. Ikamasuka, izunguzeni mainjekita asanabwezedwe kuti dizilo munathira uja atuluke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dizilo woyera, wopanda mpweya

Dizilo wokhalitsa m'thanki amakhala ndi madzi ndi matope pansi pake. Mukhuthuleni yense, tsukani thanki, ndipo ikani sefa za dizilo zatsopano. Musazitsuke n'kubwezeranso zakale. Kamchenga kamodzi kangathe kuononga pampu yaikulu ya dizilo, imene ndi yokwera mtengo.

Mukatha izi, m'mapaipi mumatsala mpweya, ndipo mpweyawo umatsekereza dizilo. Muutulutse motere. Masulani pang'ono kabawuti ka pamwamba pa sefa. Pambali pa injini pali kapampu kakang'ono kokhala ndi kachogwirira. Popani ndi chala. Poyamba padzatuluka thovu. Pitirizani mpaka patuluke dizilo wopanda thovu, kenaka mangani. Chitaninso chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pa pampu yaikulu. Potsiriza masulani pang'ono manati a mapaipi ofika ku mainjekita, zunguzani injini ndi kiyi mpaka dizilo alavuke, ndipo mangani.

Tsiku loliza

Ikani batire la mavoti 12 lodzaza bwino, ndipo palani mitu yake iwale. Batire lofooka limazunguza injini mwaulesi, mpweya sutentha, dizilo sayaka.

Khalani pampando. Giya ikhale pakati, ndipo kandodo kakafupi kosinthira liwiro kakhale pa chilembo S, popeza sitata siigwira kandodoko kali pena. Chokoka chozimitsira injini chikhale chokankhiridwa m'kati. M'mawa mozizira, monga mu Juni ndi Julayi, yambani mwatembenuzira kiyi pa malo otenthetsera kwa masekondi 15 kapena 20. Poliza musapitirire masekondi 15. Ikakana, pumani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti sitata izizire. Ikakana katatu, lekani, bwererani ku zinthu zitatu zija muone chimene chikusowa.

Mnzanu aime pafupi ndi thabwa m'manja. Nthawi zina pampu yokhalitsa imagwira, injini n'kuthamanga mopenga osamva chozimitsira. Zikatero atseke polowera mpweya ndi thabwalo, osati ndi dzanja ayi. Injini ikasowa mpweya imazima.

Ikalira, maso anu akhale pa wotchi ya oyilo. Muvi ukapanda kukwera m'masekondi ochepa, zimitsani msanga.

Utsi ukuuzani matenda

Utsi woyera poyamba si woopsa. Koma ukapitirira injini itatentha, ndiye kuti dizilo sakupsa bwino kapena madzi akulowa m'silinda. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuotcha oyilo chifukwa yatha m'kati. Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa. Yambani mwaona sefa ya mpweya. Za pampu yaikulu ndi mainjekita musatsegule nokha. Pitani nazo kwa amakaniko odziwa. Safunsa anadya phula.

Moyo wanu uposa thirakitala

Musalize injini mutaima pansi, pogunditsa sikuludiraiva pa sitata. Thirakitala ikakhala m'giya imanyamuka pomwepo, ndipo tayala lalikulu limaponda munthuyo. Alimi ambiri m'maiko osiyanasiyana afa imfa yotere.

Musafufuze pothonya dizilo ndi chala injini ikulira. Dizilo wa m'mapaipi a mainjekita ali ndi mphamvu yoboola khungu. Akakulowani, thamangirani kuchipatala ngakhale bala lioneke laling'ono.

Musalize injini m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake ndi poizoni. Musanayende, yesani mabuleki ndi kilatchi pamalo athyathyathya, ana ali kutali.

Ngati gulu lanu likufuna kuti thirakitala ilime mvula isanagwe, yambani ntchito imeneyi mukangokolola. Zipangizo zimatenga nthawi kuzipeza. Ndipo mukamaliza kulima, vundikirani ekizozi ndi kachitini, ndi kumailiza kamodzi pa mwezi, kuti chaka chamawa musadzayambenso poyamba.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injini ya dizilo imafuna kuti ilire.

2. Chifukwa chiyani si bwino kukoka thirakitala imene injini yake yagwidwa ndi dzimbiri?

3. Utsi wakuda umasonyeza chiyani?

4. Lembani mayina a zipangizo zimene muyenera kugula musanayambe ntchito, ndipo funsani mitengo yake kusitolo.