Masamu Aŵiri Oteteza Nyumba ku Moto wa Magetsi

M'nyumba zambiri chipinda chimakhala ndi soketi imodzi, pamene zipangizo zofuna magetsi ndi zambiri. Tsono mwini nyumba amagula ekisitenshoni nalumikizapo ketulo, ayironi ndi wailesi zonse pamodzi, ndipo amadzadzidzimuka pulagi itayamba kale kununkha kupserera. Komatu ngozi yotereyi munthu angathe kuioneratu ndi pensulo ndi pepala, pogwiritsa ntchito masamu aŵiri osavuta.

Poyamba nkofunika kuzindikira zinthu zitatu, ndipo madzi oyenda m'paipi angathandize kuzimvetsa. Mphamvu yokankha madziwo ikufanana ndi voltage, imene imayezedwa m'ma volt. Kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse kukufanana ndi current, imene imayezedwa m'ma amp. Kuchepa kwa paipi, kumene kumakaniza madzi kuyenda, kukufanana ndi resistance, ndipo muyezo wake ndi ma ohm.

Amene adapeza mgwirizano wa zinthu zitatuzi adali mphunzitsi. Georg Simon Ohm, mwana wa mmisiri wa maloko, adabadwira ku Erlangen m'dziko la Germany m'chaka cha 1789. Pamene ankaphunzitsa pa sukulu ina mu mzinda wa Cologne, iye ankayesa mawaya aatali ndi aafupi, okhuthala ndi opyapyala, ndipo m'chaka cha 1827 adasindikiza buku lofotokoza zimene adapeza. Akatswiri a kwawo poyamba sadalilabadire, koma m'chaka cha 1841 bungwe la Royal Society la ku London lidampatsa mendulo ya Copley.

Samu yoyamba ndiyo lamulo la Ohm. Ma volt akagaŵidwa ndi ma amp, yankho lake ndi ma ohm, ndipo m'mabuku amalemba R = V ÷ I. Magetsi a m'nyumba muno m'Malaŵi ndi a ma volt 230. Ketulo yokoka ma amp 10 ili ndi ma ohm 23, chifukwa 230 ÷ 10 = 23. Ayironi yokoka ma amp 5 ili ndi ma ohm 46. Apa pakuoneka kuti chipangizo chokaniza pang'ono ndicho chimakoka magetsi ambiri.

Samu yachiŵiri imapereka mphamvu imene chipangizo chikudya, ndipo muyezo wake ndi ma watt, dzina lokumbukira James Watt wa ku Scotland. Ma volt akachulukitsidwa ndi ma amp, yankho ndi ma watt, ndiko kuti P = V × I. Motero ketulo ija imadya ma watt 2,300 ndipo ayironi imadya 1,150. Samuyi imathekanso chobwerera m'mbuyo. Zipangizo zambiri zimalembedwa ma watt ake kunsi kapena kumbuyo, ndipo nambalayo ikagaŵidwa ndi 230 munthu amadziŵa ma amp amene chipangizocho chimakoka.

Tsono nkhani ibwerere ku ekisitenshoni ija. Pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuzi yaikulu koposa imene imaloŵamo ndi ya ma amp 13. Pochulukitsa 230 ndi 13 pamapezeka ma watt 2,990, ndipo amenewo ndiwo malire a katundu yense wodutsa pa pulagi imodziyo. Ketulo ndi ayironi pamodzi zimadya ma watt 3,450, amene ndi ma amp 15. Malire apitiriridwa kale wailesi isanayatsidwe nkomwe. Choopsa nchakuti fyuzi siiduka msanga katundu akapitirira pang'ono chabe. Imangotentha mwakachetechete pamodzi ndi pulagi. Ikaduka, ena amamangapo kawaya wamba kuti ntchito ipitirire, osadziŵa kuti achotsa mlonda yekhayo amene akadadula magetsi waya asanayake.

Masamu aŵiri aja akaphatikizidwa amafotokozanso chifukwa chake moto umayambira polumikizira. Kutentha kumapezeka pochulukitsa ma amp ndi ma amp omwewo, kenaka ndi ma ohm. Waya womangidwa molekera m'pulagi angathe kukaniza ndi ohm imodzi. Pakadutsa ma amp 5, malo amenewo amatulutsa ma watt 25, koma pakadutsa ma amp 10 amatulutsa ma watt 100, monga babu lakale lija lotentha m'manja, litatsekeredwa m'kati mwa pulasitiki. Magetsi akachuluka kaŵiri, kutentha kumachuluka kanayi.

Ogwiritsa ntchito sola nawonso asadzinyenge kuti ma volt 12 a batire alibe ngozi. Chipangizo cha ma watt 60 chimakoka ma amp 5 pa batire, pamene pa magetsi a 230 chimakoka pafupifupi kota ya amp imodzi. Nchifukwa chake batire imafuna waya wokhuthala ndi fyuzi yakeyake.

Mphunzitsi wofuna kuti phunziroli likhazikike atume ophunzira kukalemba ma watt a zipangizo za kunyumba kapena za pasukulu, aŵerengere ma amp ake, ndipo anene zimene zingakhale pa pulagi imodzi popanda kupitirira 13. Wotsiriza sukulu amene akulakalaka umisiri wa magetsi adziŵe kuti ntchitoyo imayambira pa masamu omweŵa. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo nyumba ikapsa kuŵerengera kumakhala kutachedwa.