Jakisoni wopulumutsa mwendo: mkangano sunathe

Mu 2024, mankhwala a majini amene dziko la Japan linawaloleza mongoyembekezera mu 2019 anachotsedwa pamsika. Ankawabaya m'minofu ya mwendo umene mitsempha yake yatsekeka, kuti amereko timitsempha tatsopano todutsamo magazi. Umboni wokwanira woti akugwiradi ntchito unasowa.

Nkhaniyi sinawafike bambo wina wodwala shuga, telala wakale amene fodya anasiya mochedwa. Usiku sagona pabedi. Amachezera pampando mwendo uli lende, chifukwa akangoukweza ululu umayaka kuphazi ngati wapondera pamakala. Chala chachikulu chada bii, chauma gwa. Phazi n'lozizira, khungu likunyezimira, ubweya unathothoka kalekale. Dokotala akagwira pamwamba pa phazilo samva kugunda kulikonse, ndipo mawu oti "kudula" anawatchula kale.

Mwana wawo wapeza pafoni chipatala china chakunja. Akuti amapopa mafuta a m'mafupa a m'chiuno, n'kusankhamo maselo, kenako n'kuwabaya m'katumba malo ambirimbiri. Kubanja ayamba kukambirana zogulitsa munda.

Apa ndi pamene akatswiri amagawikana. Oikira kumbuyo njirayi amaloza kafukufuku wa ku Japan wa 2002, pomwe odwala amene anabayidwa maselo otere anamva ululu ukuchepa ndipo ankayenda mtunda wotalikirapo. Amatinso dziko la Russia linavomereza mankhwala ake a majini mu 2011.

Otsutsa amafunsa funso limodzi lokha: miyendo ingati yapulumuka? Kafukufuku wamkulu wa 2011, wa odwala 525 m'mayiko 30, anapeza kuti obayidwa majini ankadulidwa miyendo kapena kumwalira mofanana ndi amene anabayidwa jakisoni wopanda mankhwala. Wina wa ku Netherlands wa 2015, wa odwala 160, ena opatsidwa maselo ena ayi, sanapezenso kusiyana. Zotsatira zokoma zimachulukira m'timakafukufuku ting'onoting'ono, makamaka topanda gulu loyerekezera nalo, ndipo n'timene zipatala zotsatsa malonda zimakonda kutchula.

Ena amati vuto n'lakuti amayesera anthu amene matenda afika kale posauzana, komanso maselo a munthu wokalamba wa shuga amakhala ofooka. N'kutheka. Koma chomwe madokotala akudalirabe ndi kutsegula mtsempha wotsekekawo kapena kulumikiza wina wolambalala, ndipo zimenezi zimafuna kuti munthu afike msanga. Ambiri amayamba athira mankhwala apakhomo pachilonda, kuchipatala n'kupita chala chitada kale.