KABATI YA M'GALIMOTO SIFANANA NDI YA M'NYUMBA

Amuna ambiri a kum'mawa amene akhala zaka zambiri pa migodi ya ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya, akalandira ndalama zao za penshoni amaganiza zogula galimoto yaing'ono yotseka kumbuyo kuti akacite nayo malonda kwao. Munthu wotere, tinene wa ku Zemba m'boma la Chadiza, amayenda m'midzi kugulitsa sopo, mcere, suga ndi zobvala, nagula nshawa, soya ndi mpendadzuwa. Dzuwa likamlowera ali kutali amagona m'galimoto momwemo. Motero galimoto imodzi isanduka sitolo, nkhokwe ndi nyumba yogona, ndipo mwini wace afuna malo osungiramo katundu. Kukhoma makabati m'galimoto ndi nchito imene munthu wodziwa kugwira sowo angaicite yekha, koma ayambe wadziwa kuti kabati ya m'nyumba imaima pamodzi moyo wace wonse, pamene ya m'galimoto imagwedezeka tsiku ndi tsiku.

Zimene mseu ucita ndi katundu

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita ngati 570. Mseu umenewu, Great East Road, utsika ndi kukhotakhota m'mapiri kufikira pa mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, nukweranso ca ku Kacholola. Wopita ku Chadiza apatuka pa Katete kapena pa Chipata, ndipo pofika m'midzi akumana ndi miseu ya dothi, ya pfumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja. Ponsepo katundu wa kumbuyo sakhala cete iai.

Akatswiri a ku Ulaya amene anaika malamulo a kamangidwe ka katundu pa malori amawerengera cotere: woyendetsa akaponda mabuleki mwamphamvu, katundu akankhira kutsogolo ndi magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwace, ndipo pokhota akankhira kumbali ndi theka la kulemera kwace. Ndiko kunena kuti thumba la cimanga la makilo 50 likankha citseko ca kabati ngati makilo 40. Pa ngozi yeniyeni mphamvuyo ikula koopsa. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ora ikagunda mtengo, cinthu ciri conse cosamangidwa cifika pa msana wa woyendetsa monga ngati cagwa kucokera pamwamba pa mamita 10. Kabati yongoikidwa pansi yosamangirira iri ngati mwala umene munthu wadziikira yekha kumbuyo kwa mutu wace.

Kusankha matabwa

Amisiri a kwao kwa Acewa amakonda mlombwa, umene ku migodi auchula mukwa, pakuti ciswe siciudya msanga ndipo supindika ukauma. Pa mpando kapena citseko ca nyumba mlombwa ndi wabwino ndithu, koma kabati yonse ya matabwa ocindikala a mlombwa ilemera, ndipo kilo iri yonse ya thabwa icotsa malo a kilo imodzi ya malonda. Galimoto iri yonse iri ndi malire a kulemera kumene opanga anailola kunyamula, ndipo anthu okwera, madzi, tayala lapadera ndi kabati yomwe ziwerengedwa pamodzi m'malire amenewo.

Cifukwa cace mmisiri wanzeru apanga mafupa a kabati ndi timitengo ta paini, wonga wocokera m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, nakutira ndi pulaiwudi. Pulaiwudi yathunthu ndi ya mafiti 8 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi. Ya mamilimita 12 ilemera makilo ngati 20, pamene ya mamilimita 18 ifika ngati 30, ndipo pa makoma ndi mashelefu yoyambayo ikwanira. Mlombwa ausunge kuti aike m'ngondya ndi pamene padzalowa mabauti. Matabwa a utuci wophatikiza, amene apangira makabati otsika mtengo a m'masitolo, sayenera konse, pakuti akanyowa atupa ndipo pogwedezeka masikuluu azuka. Thabwa liri lonse likhale louma bwino, cifukwa laliwisi lidzang'ambika ndi kutentha kwa mwezi wa October.

Kuyesa ndi kulumikiza

Khoma la galimoto si loongoka ngati la njerwa. Ndi lopindika, ndipo pansi pali zitunda za matayala. Mmisiri asathamangire kudula thabwa. Atenge katoni yakale, aidule pang'ono pang'ono kufikira itagona bwino pa khomalo, ndipo pamenepo ajambule maonekedwe ace pa pulaiwudi. Katoni ikaonongeka atola ina kwaulere, koma pulaiwudi igulidwa ndi ndalama. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Polumikiza, misomali yokha sithandiza, pakuti mseu uigwedeza kufikira itaturuka. Pafunika guluu wa matabwa pamodzi ndi masikuluu, ndipo m'ngondya za m'kati aikemo timitengo tolimbitsa. Ngondya zakunja azipale zikhale zosathwa, kuti munthu wodzuka mumdima asadzipweteke. Pakati pa kabati ndi citsulo ca galimoto apatsirepo mpira wa chubu cakale, umene uletsa phokoso ndi kunyotsoka kwa penti.

Kumangirira ku galimoto

Pano ndipo pagona nkhani yonse. Kabati imangidwe ndi mabauti a mamilimita 8 opyola pansi pa galimoto, ndipo kunsi kukhale kacitsulo kafulati kotambalala, kuti bauti isang'ambe lata ndi kusolokamo. Asanaboole, mmisiri alowe kunsi ndi toci aone pamene pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya, pakuti kuboola paipi ya mabuleki ndiko kuitana imfa pa citsikiro ca Luangwa. Zitsulo zazikulu zonyamula galimoto yonse asaziboole. Bowo liri lonse alipake penti kuti dzimbiri lisayambirepo. Kumwamba kabati igwirizidwe ku nthiti zacitsulo za khoma, osati ku lata lopyapyala.

Zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, zogawidwa mofanana ku dzanja lamanja ndi lamanzere. Cigubu ca madzi ca malita 20 ndi makilo 20, ndipo cikaikidwa pamwamba cithandiza galimoto kupendeka pokhota. Kumwamba ndi kwa mabulangete ndi zobvala. Ambiri aona kuti bokosi lalitali mamita 1.8, lotsegukira kumwamba, liposa kabati yoimirira: masana lisunga katundu, usiku likhala kama.

Zitseko zisayang'ane kutsogolo, cifukwa pa mabuleki katundu adzazikankha. Citseko ciri conse cikhale ndi mpiringidzo wacitsulo wogwira zolimba, ndipo m'mphepete mwa shelefu mukhale kathabwa ka masentimita 5 kochinga zitini ndi mabotolo.

Moto, mafuta ndi cakudya

Ufa, suga ndi mcere zikhale m'cigawo caocao, kutali ndi parafini, dizilo ndi sopo, pakuti ufa umamwa pfungo ndipo wogula sabweranso. Cigawo ca cakudya cikhale ndi timabowo ta mpweya tochingidwa ndi sefa, kuti m'dzinja zinthu zisacite nkhungu.

Wophikira gasi apangire botolo lace kacipinda kotseka, alimange ndi lamba ciriri, ndipo aboole bowo pansi loturukira kunja. Gasi ameneyu alemera kuposa mpweya, kotero kuti akadontha atsikira pansi nadikira macesi. Mbaula ya makala isapatsidwe malo m'kati ngakhale m'mwezi wa June pamene kuzizira. Makala oyaka m'malo otseka aturutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha munthu ali m'tulo. Kuphika kucitike panja, ndipo mbaula ilowe m'galimoto itazimiratu.

Ulendo woyamba

Nchito ikatha, mwini galimoto apake vanishi mbali zonse za matabwa, makamaka m'mphepete mwa pulaiwudi mmene madzi alowera. Kenaka alongedze katundu monga adzacitira pa ulendo, apite pa mseu wopanda anthu, ayende pang'ono ndi kuponda mabuleki, namvetsere. Cimene casuntha kapena kulira ndico cofunika kukonza asananyamuke. Atayenda ulendo woyamba wautali amangenso mabauti onse ndi sipanala, pakuti thabwa latsopano limafinyika, ndipo azicita comweco pa kutha kwa dzinja liri lonse.

Ndalama ya penshoni ibwera kamodzi. Mabauti asanu ndi atatu ndi mipiringidzo inai mtengo wace sufika ngakhale pa tayala limodzi, koma ndizo zisunga katundu, galimoto ndi msana wa mwini wace kufikira atafika ku Zemba.