Timiuni tounikira mankhwala a khansa

Amayi awiri angathe kudwala khansa ya m'mawere, imene pa Chipwitikizi amati cancro da mama, nalandira mankhwala amodzimodzi, koma wina n'kupeza bwino pamene mnzake sakusintha. Kawirikawiri chifukwa chake chimabisika m'maselo, tizigawo ta thupi tosaoneka ndi maso.

Pakhungu la selo pali malo ogwirapo amene akatswiri amawatchula kuti ma receptor. Mankhwala ena a khansa amagwira ntchito pokhapokha akapeza malo awoawo, monga msuka wa khasu ukhazikika pa mpini woubowolera bwino. Chitsanzo ndi trastuzumab, mankhwala amene analoledwa ku America mu 1998. Iwo amakakamira pa receptor yotchedwa HER2, imene imachuluka kwambiri mwa mayi mmodzi pa amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi odwala khansa imeneyi. Kwa otsalawo mankhwalawa sathandiza kwenikweni.

Vuto la ofufuza linali kuona kugwiranako. Utoto wowala umene ankapaka maselo umazilala msanga ukaunikidwa. Thandizo linachokera ku timiyala totchedwa quantum dots, tochepa kwakuti zikwi zingapo tingandandalikane m'mimba mwake mwa tsitsi limodzi. Tikaunikidwa timawala ngati ziphaniphani, ndipo sitizima msanga. Mtundu wa kuwala umadalira kukula kwake: tating'onoting'ono timawala mobiriwira, tokulirapo mofiira.

Mu 1998 magulu awiri a ofufuza ku America anaonetsa kuti timiyalati tingamangiriridwe ku zinthu za m'thupi. Mu 2003 gulu lina linatigwiritsa ntchito kuonetsa HER2 pa maselo a khansa ya m'mawere. Njira yake ndi iyi: amamangirira kamwala ku mankhwala kapena ku chinthu chofunafuna receptor, nathira pa maselo amoyo m'kambale. Kenaka amayang'ana pa maikulosikopu. Pamene pawala ndi pamene pagwira. Amathanso kulondola kuwalako n'kuona ngati chinthucho chalowa m'kati mwa selo kapena chatsalira kunja.

Mu 2023 amene anatulukira ndi kukonza timiyalati, a Aleksey Yekimov, a Louis Brus ndi a Moungi Bawendi, analandira mphotho ya Nobel.

Komabe ntchito imeneyi kwakukulu ndi ya m'nyumba zofufuzira. Timiyala tambiri timapangidwa ndi cadmium, chitsulo cha poizoni, choncho sitibayidwa mwachisawawa m'thupi la munthu. Zipatala zimene zimapima HER2 zimagwiritsa ntchito njira zina, potenga kachidutswa ka chotupa.

Phunziro lake likukhudzanso mabanja a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Khansa si imodzi, ndipo mankhwala amene anathandiza mnansi sangathandize aliyense. Mayi akamva chotupa m'bere afulumire kupita kuchipatala, kuti chipimidwe chisanakule ndi kudziwika mtundu wake.